Odekha Kapena Othetheka

Amayi anandilumbiritsa m'mawa, ndisanakwere lole ya antchito, kuti tsiku limenelo sindikangana ndi munthu aliyense mpaka dzuwa litalowa. Anandigwira pamkono pakhomo penipeni n'kulamula kuti mawuwo ndiwatchule ndi pakamwa panga, osati kungogwedeza mutu. Ndinawatchula. Mkulu wanga Moipone, amene ankasenda anyezi pakhonde, anamwetulira osadzutsa nkhope. Moipone wakhala akumwetulira choncho chibadwire. M'midzi itatu ya m'chigwa chathu, makolo amatchula dzina lake akafuna kuchititsa manyazi ana awo aakazi. Langa amalitchula akafuna kuwaopseza.

Linali tsiku loti amalume ake awiri a Mokhethi, mnyamata wofuna kundikwatira, afike kuchokera ku Mafeteng kudzapempha chikho cha madzi. Kwathu akuluakulu salowa pakhomo pa eni n'kuyamba kutchula dzina la mtsikana ngati akugula mbuzi. Amakhala pansi, kufunsa za mvula ndi ziweto, kenako n'kunena kuti abwera kudzapempha chikho cha madzi, ndipo aliyense amadziwa kuti madziwo ali ndi miyendo. Madzi a tsiku limenelo ndinali ine, Puseletso.

Vuto linali lakuti mbiri yanga inali itafika kale ku Mafeteng. Hotela ya alendo odzasewera motsetsereka pa chipale chofewa, imene ili pamwamba pa phiri lathu, inamanga khoma pa kamtsinje kuti izisunga madzi opangira chipale cha makina, poti chochokera kumwamba masiku ano chimagwa chikafuna chokha. Mapichesi a kwathu ku Ha Mpiti, a ku Ha Tlali ndi a ku Sekoting anayamba kubereka tizipatso tonga maso a nkhuku. Eni hotela ataitanitsa msonkhano, amuna onse a m'chigwa anavula zipewa n'kuthokoza chifukwa cha tiyi ndi mabisiketi. Ine ndinaimirira n'kufunsa ngati mitengo yathu tiziithirira mabisiketiwo. Ndinanenanso zina zimene amayi amati zisabwerezedwe m'nyumba mwawo. Ntchito sanandichotse, chifukwa palibe wina akanalola kutsuka mapoto m'nyengo imene madzi amaluma zala, koma anandichotsa pamaso pa alendo n'kundiika kukhitchini, kuseri kwa kawindo kopatsirana mbale.

Mokhethi amatibweretsera gasi wophikira pa lole, ndipo nkhaniyo anaimva akutsitsa katundu. Akuti tsiku lomwelo anaganiza zondikwatira. Kulakwa kwake, anakaifotokoza kwawo monyadira. Abale ake ndi anthu ofatsa moopsa. Mpope wa m'mudzi mwawo unauma kalekale, akazi amakatunga kutali ndi abulu, koma akabwera akuluakulu a zamadzi kudzalonjeza, anthuwo amawaimbira nyimbo n'kuwapatsa nkhuku. Anthu otere atamva za mtsikana wa mabisiketi, anagwirizana kuti amalume apite ndithu, koma akayang'anitsitse. Akapanda kukhutira, abwerere ndi ludzu lawo.

Njira ndinamulongosolera Mokhethi pa foni kuti akawauze. Akawoloka mlatho akwere, nyumba yomaliza kumtunda, ya miyala, ya denga la udzu, ndipo tidzakweza mbendera yofiira kuti asasochere. Popeza bambo anatisiya, adzalandiridwa ndi bambo athu aang'ono, a Rangoane Thulo, amene anakhalitsa ku Joni mpaka lilime linapindika. Amayi anakana za mbenderayo. Anati aliyense amadziwa kuti yoyera ndi ya mowa, yofiira ndi ya nyama yogulitsa, tidziitanira chigwa chonse. A Rangoane anati tsiku limodzi lokha anthu amvetsa, n'kumangirira siketi yakale yofiira ya Moipone pa mtengo wautali.

Tchuthi ndinapempha, Edwin anakana. Edwin ndi mkulu wa chipinda chodyera, wobadwira ndi kukulira ku Soweto, ndipo Chisotho chake anachitola kwa agogo ake pa Khirisimasi. Eni hotela amamuveka bulangete ndi chipewa cha udzu kuti alendo azimujambula. Bulangetelo amalifunda mizere itapingasa, chinthu choti ngakhale mwana wa zaka zinayi sangachite, ndipo ndinamuuzapo. Anati sindingachoke chifukwa kuli mpikisano wotsetsereka womaliza wa chaka. Koma anamulola mnzanga wa ntchito Limpho, amene agogo ake amamwalira chaka chilichonse tsiku la mpikisano. Nditadandaula kunyumba, amayi anati zakhala bwino, madzi sayenera kuonekera alendo asanawapemphe, ndipo ine ndikatalikira ndiye kuti Mulungu wayankha.

Kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone bulu uli pamsana pake. Kumtunda anyamata anali atazika mbendera zofiira za mpikisano kuyambira pamwamba pa chipale mpaka pafupi ndi khomo la chipinda chodyera. Chipindacho anachimanga chozungulira, cha miyala, denga la udzu, moto pakati, kuti alendo azimva ngati alowa m'nyumba ya Mosotho, kungoti yopanda utsi ndi nkhuku.

Chakumasana, alendo onse ali panja ndi matabwa awo kumapazi, chitseko chinatseguka n'kulowa madala awiri. Ndinasuzumira pakawindo. Wina anali wamtali, wowonda, wa ambulera ndi baji ya mpingo pachifuwa. Wina wamfupi, wonenepa, wa nsapato zonyezimira. Onse awiri anali ndi makutu a Mokhethi, otambalala ngati zogwirira mphika. Mtima wanga unagwera m'madzi otsukira mbale. Wamtaliyo anali a Ntate Sekhonyana, amene Mokhethi anati mawu awo ndi omaliza m'banja lonse. Wamfupiyo a Ntate Phakiso. Kwathu ntate ndiye kuti bambo, akakhala angapo ndi bo-ntate. Ndinamva pambuyo pake kuti anauza woyendetsa minibasi kuti awatsitse pa nyumba yomaliza ya mbendera yofiira, ndipo mnyamatayo, amene Ha Mpiti anaidutsa m'nkhungu osaiona, anawakweza mpaka pamene msewu unathera.

A Phakiso ankanong'oneza, koma kunong'ona kwa munthu wogontha khutu limodzi kumafika kukhitchini. Anati ayesa kuwerenga mbendera mpaka atopa, banja ili lapha khola lonse la nkhosa. Anatinso aona azungu oitanidwa akuvina panja ndi matabwa. A Sekhonyana anayankha kuti mwana uja sananene kuti ndi anthu olemera chotere, ndiye akhale tcheru, asachite ngati sanaonepo zinthu.

Ndikanatuluka pomwepo, nkhani ikanathera pamenepo. Koma ndinali ndi kaneti kumutu, epuloni ya mafuta a nkhumba, manja ofiira ngati nyama. Madzi sadzibweretsa okha patebulo asanapemphedwe. Ndinaganizanso kuti Edwin, ngakhale ndi Edwin, akangomva mawu oyamba azindikira.

Edwin anawalandira ndi manja awiri, n'kuwakhazika pafupi ndi moto. Atangomva lilime lake lopindika, madalawo anayang'anana n'kugwedeza mitu: wa ku Joni uja ndi ameneyu. Anamufunsa za mvula, iye anati chaka chino yavuta koma makina akuthandiza. Anamufunsa za ziweto, iye amene alibe ndi mphaka yemwe anati zonse zili bwino. Kenako a Sekhonyana anaika ambulera pansi, n'kukonza kukhosi.

"Ntate, tachokera kutali. Watituma ndi banja la a Mohapi, ku Mafeteng. Tabwera kudzapempha chikho cha madzi."

"Zikho tilibe," anatero Edwin, "koma madzi alipo, abwino kwambiri. Mukufuna ati, bo-ntate? Tili nawo odekha, tili nawo othetheka."

Mawu awiriwa anawapeka yekha Edwin pofuna kumasulira zolembedwa pa mabotolo athu, la chivindikiro cha buluu ndi la chivindikiro chobiriwira, lija la mpweya. Madalawo anayang'ananso. Mokhethi anali atawauza kuti pakhomopo pali ana aakazi awiri. A Phakiso anaseka n'kunena kuti Joni sanamuwononge munthuyu, akudziwa kuphiphiritsa ngati akale. A Sekhonyana anapempha kuti awafotokozere za onse awiri, osabisa kanthu, poti apa akulankhulana amuna okhaokha.

Palibe chimene Edwin amakonda kuposa kufunsidwa. Anakokera mpando pafupi.

"Odekhawo ndi a m'phiri lomwe lino. Oyera, ozizira bwino, alibe vuto ndi munthu. Ana, nkhalamba, odwala m'mimba, onse amawakonda. Mukawaika pamalo amakhala pomwepo mpaka mutawafuna."

Moipone ndendende. Ngakhale ine ndinavomereza.

"Nanga enawo?" anafunsa a Sekhonyana.

"Enawo kasupe wake ndi mmodzi yemweyo, koma ali ndi mpweya wambiri. Amaluma lilime. Amakwera m'mphuno mpaka munthu misozi kutuluka. Ndipo musawagwedeze, bo-ntate, ndakuchenjezani. Mukawagwedeza amakuphulikirani kumaso, anthu akuona. Ine anandichitapo kangapo."

"Tinamva," anatero a Sekhonyana motsitsa mawu.

"Komatu amene anawazolowera safunanso ena. Amati odekha aja amagonetsa tulo."

Ndinagwira m'mphepete mwa sinki ndi manja onse awiri. Ndinakumbukira nkhope ya amayi pakhomo.

A Phakiso anapepesa kaye, n'kunena kuti funso ili ndi lolemera koma atumidwa, sangabwerere osafunsa: kodi palibe anayamba walawako? Edwin anakhumudwa. Anati pamalo pano zonse zimakhala zomata, ngati akukayika aziyendere okha iye akuona. A Sekhonyana anatsamwa malovu n'kunena kuti sizikufunika, iwo ndi anthu a mpingo. Pofuna kusintha nkhani anafunsa kumene madziwo ali panopa, ndipo Edwin anati ali kuseri, m'chipinda chozizira, amawatsekera mmenemo usana ndi usiku chifukwa kunja angawonongeke. A Sekhonyana anati kalerendwe kameneko n'kowawa pang'ono, koma ndi mmene dziko lilili masiku ano sangamudzudzule.

"Bwanji osangotenga onse awiri?" anatero Edwin. "Ambiri amatero. Ena pa chakudya, ena pambuyo pake."

A Sekhonyana anagwira baji yawo ya mpingo n'kunena kuti m'banja mwawo amodzi amakwana. A Phakiso anayang'ana kudenga kwa kanthawi ndithu, ngati munthu amene nkhaniyo sakufuna kuitaya msanga. Edwin anawonjezera kuti asadandaule za malipiro, amalipira potuluka, ndipo khadi la kubanki amalandira. A Sekhonyana anayankha mwaulemu kuti ng'ombe zili kumudzi, zibwera pambuyo tikagwirizana. Edwin anaseka mpaka kudzimenya pantchafu, nati madala a kumudzi amamusangalatsa.

Kenako madala awiriwo anaweramitsa mitu pamodzi. A Phakiso ananong'oneza mokuwa kuti mwana uja anawatuma othethekawo, ndipo anachita kubwereza. A Sekhonyana anati mwana ndi mwana, amaona thovu n'kuyesa ndi kukoma. Anati mwini wakeyu wanena yekha kuti anaphulikiridwa kumaso, nanga alendo adzatani? Mokhethi adzalira mwezi umodzi, kenako adzathokoza. Anawongoka, n'kuyang'ana Edwin.

"Ntate, tipatseni odekhawo."

Edwin anatembenukira kukawindo n'kuwomba m'manja. "Puseletso, odekha amodzi, tebulo la pamoto. Changu."

Ndinamva a Phakiso akunena kuti koma ku Joni kulibe chisoni, taonani akutuma yemweyo kuti akatenge mkulu wake.

Ndinalowa m'chipinda chozizira n'kutenga mabotolo awiri, la buluu ndi lobiriwira. Lobiriwiralo sindinaligwedeze dala. Dzanja linkanjenjemera lokha, ndipo kuchokera kukhitchini kukafika pamoto pali kamtunda. Ndinatuluka ndi kaneti kanga ndi epuloni yanga, n'kugwada bwinobwino monga ndinaphunzitsidwira. La buluu ndinaliika patsogolo pa a Sekhonyana.

"Awa ndi amene mwapempha, ntate. Awa ndi amene munatumidwa."

Ndinapotokola chivindikiro chobiriwira.

Madzi aja anayambira pachibwano cha a Sekhonyana, n'kukwera m'mphuno ndi m'makutu aakulu aja, otsala anatsikira pa baji n'kulowa m'bulangete. Ena anagwera pamoto, moto n'kuchita tsiii. Pamenepo ndinaimirira.

Amayi mpaka lero amati ndinaphwanya lumbiro. Ine ndimakana. Kukangana kumafuna anthu awiri olankhula, ndipo m'chipindamo palibe wina anapeza mpata. Ndinawauza kuti ine ndine Puseletso, mwana wa malemu Tefo wa ku Ha Mpiti, amene Mokhethi anawatuma. Ndinawafunsa ngati anayenda dziko lonse kudzasinthanitsa munthu ngati chipewa chosakwana. Ndinafunsa ngati Moipone anamufunsa, ngati Mokhethi anamufunsa, ngati ine anandimvapo ndikulankhula ndi makutu awo, kapena amaweruza anthu pomvera munthu wofunda bulangete chopingasa. Ndinati ngati akufuna mkazi wokhala pamene wamuika mpaka utamufuna, ku Mafeteng mipando ilipo yambiri, sakanavutika n'kukwera phiri. Ndinamaliza ndi kuwauza kuti madzi ali m'ndevu mwawowo ndi a mapichesi a amayi anga, anangowaveka botolo.

A Sekhonyana anapukuta maso ndi ngodya ya bulangete n'kutembenukira kwa Edwin.

"Inu si a Thulo?"

"Thulo ndi ndani?"

"Nanga nkhosa zonse mwaphazi?"

"Nkhosa ziti?"

A Phakiso anatola botolo lobiriwira, n'kumwa zotsalira pansi. Maso anafiira, misozi inatsika, anageya mpaka udzu wa kudenga unamva. Anati zoluma n'zoona, akuluma, koma akutsika bwino.

Edwin atamvetsa chimene wakhala akugulitsa, anavula chipewa cha udzu n'kuchiyang'ana m'kati. Kenako anakumbukira kuti ndi bwana. Anandiuza kuti ndivule epuloni, ndichoke, asandionenso mpaka Lolemba. Tchuthi chija ndinachipeza choncho.

Minibasi inali itabwerera, lole ya antchito inali ya madzulo. Panalibe kuchitira mwina koma kutsika wapansi, ine patsogolo, madala pambuyo. Ndinayambiranso lumbiro langa pamene ndinalisiyira, ndipo sindinatsegule pakamwa. Njirayo imadutsa kumunsi kwa chipale cha makina, pamene opikisana amathera. Ndinawalozera ndi dzanja kuti aponde m'mbali. A Phakiso, ndi nsapato zawo zosalala kunsi, anaponda pakati. Anakhala pansi mwadzidzidzi n'kunyamuka ali chikhalire, bulangete likuuluka, chipewa chili m'manja, mpaka kudutsa pakati pa mbendera ziwiri zomaliza. Alendo anawomba m'manja. Mayi wina wachizungu anawaveka kamendulo ka pulasitiki kotsala pa mpikisano wa ana, ndipo a Phakiso anakana kukavula.

A Sekhonyana sanaseke. Bulangete lawo lonyowa linali litayamba kuuma gwa ndi chisanu, likulira ngati chikumba akamayenda. Ndinadziwa kuti zanga zatha. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu okamuuza Mokhethi, ndipo onse ankayamba ndi kumunena kuti anatumiranji anthu osadziwa kusiyanitsa nyumba ndi hotela.

Nkhungu inayamba kung'ambika titafika pa khoma la dziwe. Kumtunda kwa khoma madzi anali mbee, odzaza mpaka m'milomo. A Sekhonyana anaima kuti apume, atatsamira ambulera.

"Ndi pano pa mabisiketi paja?"

"Ndi pompano, ntate." Kuyankha funso si kukangana.

"Atamva anatani?"

Ndinawalozera paipi ya kunsi kwa khoma, imene inkatulutsa madzi onenepa ngati mkono wa mwana. Ndinati anaitsegula patangopita masiku ochepa, ati kuti ndisadzabwerenso ku msonkhano wina. Ndinati ndi ochepa, sakukwana, ndipo nkhaniyo sinathe. A Sekhonyana anayang'ana paipiyo nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira ng'ombe yonenepa ya mnzake. Tinapitirira kutsika.

Ku Sekoting mapichesi anali atayamba maluwa, mitengo ya m'mbali mwa ngalande yokha, ya kutali ikadali mbuu. Ana anatithamangira kudzaona mendulo. Ku Ha Tlali tinakumana ndi amayi awiri atanyamula mbale zovundikira, akuchokera kwathu, ndipo anatiuza kuti tifulumire ngati tikufuna nyama chifukwa yatsala pang'ono.

Siketi ya Moipone inali itagwira ntchito yake. Anthu a midzi yonse itatu anaiona nkhungu itangochoka, n'kubwera ndi mbale. A Rangoane Thulo anafotokozera woyamba kuti nyamayo si yogulitsa, ndi ya alendo. Wachiwiri anali mnzawo wa ku mgodi, wachitatu anali ndi mwana wodwala, ndipo a Rangoane ndi munthu woti mawu akuti ayi anawaiwala ku Joni. Pamene tinkafika, pa nkhosa yonse panatsala mutu, mapazi ndi mchira. Amayi anali chiimire pakhomo. Anayang'ana ine, anayang'ana dala wonyowa, anayang'ana dala wa mendulo, n'kutseka maso.

Ndinalowa kuchipinda n'kukhala kuseri kwa chitseko, pamene madzi amayenera kukhala. Moipone anali momwemo, akusankha mapichesi owumitsa oti apatse alendo. Bulangete la a Sekhonyana analiyanika pafupi ndi moto n'kuwabwereka la malemu bambo. Mwambo usanayambe, a Phakiso anafotokoza zonse, kuyambira pa mbendera mpaka pa chipinda chozizira, osasiya ngakhale zija zotenga onse awiri. A Rangoane anaseka mpaka kutsokomola. Amayi sanamveke n'komwe, ndipo ine ndimawadziwa, akakhala chete choncho ndiye kuti akusunga.

Kenako mwambo unayamba. Anafunsana za mvula ndi ziweto, ngakhale chiweto chimodzi chinali pamaso pawo m'mbale, chikuwayang'ana. A Sekhonyana anakonza kukhosi kachiwiri tsiku limenelo, n'kunena kuti achokera kutali, atumidwa ndi banja la a Mohapi, abwera kudzapempha chikho cha madzi.

"Ati?" anafunsa a Rangoane, mawu akunjenjemera ndi phwete.

Ndinamva nkhuni zikuthetheka, ndinamva a Phakiso akusewera ndi kamendulo kawo. Moipone anasiya kusankha mapichesi. Ndinaika diso pa mng'alu wa chitseko. A Sekhonyana anali atayang'ana pansi, akusisita chibwano chimene ndinachisambitsa.

"Ine ndakalamba," anatero potsiriza, "ndipo chibadwire sindinathiridwepo madzi ndi mwana. Sindinakondwe, ndipo sindidzakondwa. Koma kwathu mpope unauma. Mwezi wa mawa akubweranso aja amalonjeza, ndipo nkhuku yowapatsa tasankha kale." Anapumira m'mwamba. "Tipatseni aja anandinyowetsa."

"Puseletso," anawonjezera a Phakiso, "kuopa kusokonezanso mabotolo."

A Rangoane anati amva, akambirana ndi banja monga mwa mwambo, koma sakuona chovuta. Amayi anatulutsa mpweya umene ndikuganiza anaugwira kuyambira m'mawa. Panja amayi a ku Ha Tlali amene anatsalira kudikira msuzi anayamba nthungululu.

Moipone anatola pichesi lina, n'kuliyang'ana mbali zonse. Analankhula motsitsa, akumwetulira mmene amachitira.

"Akanati atchule ine, ndikanawathira a m'ketulo."

Ndinamuyang'ana mkulu wangayo ngati ndamuona koyamba. Iye anangoponya pichesilo m'mbale ya alendo n'kutola lina.

Chimwemwe chinandigwira, sindikana. Koma chitangodutsa pang'ono, mawu a dala uja anabwerera m'mutu mwanga. Mpope. Sananene kuti Mokhethi amandikonda, sananene kuti analakwa kundisinthanitsa. Anthu awa akufuna mkazi wa mwana wawo, kapena akufuna munthu wokawakalipirira pa msonkhano iwo atakhala kumbuyo ndi nkhuku yawo? Ndinaimirira, dzanja lili kale pa chitseko.

Chitseko chinatseguka chokha, n'kulowa amayi kudzatenga mapichesi. Anaona nkhope yanga. Anangoloza pawindo ndi chibwano. Dzuwa linali likadali pamwamba pa phiri, patatsala mpata wonga chikhatho kuti likhudze chipale cha makina chija.

Ndinakhala pansi pafupi ndi windo n'kuyamba kulidikira.